Nsalu Imodzi, Masokedwe Osiyana: Kusankha Madiresi a Operekeza Mkwatibwi

Nkhani ya madiresi a operekeza mkwatibwi kawirikawiri imayamba ndi chithunzi. Mkwatibwi waona pa foni atsikana asanu ndi mmodzi atandandalika, onse ofanana msinkhu, onse mu diresi yofanana, ndipo mtima wake wagwa pomwepo. Chithunzicho amachiponya pa gulu la WhatsApp la operekeza n'kulemba kuti, "Asisi, tisoketsa iyi." Aliyense amayankha kuti yakongola, poti palibe wofuna kuoneka wovuta. Koma likafika tsiku la ukwati, mmodzi ali kalikiliki kukokera diresi m'mwamba kuti isavuke pachifuwa, wina akupuma mobanika chifukwa zipi yamugwira, wachitatu akuponda mpendero pa sitepe iliyonse.

Zala za m'manja sizilingana. Pa operekeza anu pali mng'ono wanu wamfupi, msuweni wa mbina, mnzanu wa kusukulu wamtali wowonda, mwinanso mlamu wanu amene akuyamwitsa. Chowamanga pamodzi chikhale nsalu ndi mtundu wake, koma kasokedwe kalondole thupi la aliyense. Mukatero pa chithunzi adzaoneka gulu limodzi, ndipo aliyense adzavina momasuka.

Yambani ndi ntchito imene diresiyo ikagwire

Mwambo wovalitsa operekeza zofanana tidachita kutengera kwa azungu. Mfumukazi Victoria ya ku Britain pokwatiwa mu 1840 idali ndi operekeza 12, onse atavala zoyera. Koma operekeza a kuno ntchito yawo si kungoima n'kugwira maluwa ayi. M'mawa ali ku tchalitchi, kumene amakhala pansi, kuimirira, mwinanso kugwada. Masana ali padzuwa kujambulitsa zithunzi. Kenako amalowa mu holo ndi masitepe amene akhala akuphunzira kwa milungu ingapo, ndipo nthawi ya perekaniperekani savina pang'ono, ena amawerama kutola ndalama zagwa pansi. Ndi maola ambiri ali m'chovala chimodzi.

Choncho musanasankhe sitayilo, dzifunseni zinthu zitatu. Choyamba, mpingo wanu umati chiyani? Mipingo yambiri safuna mapewa ndi msana zili pamtunda, kapena diresi yolekeza pamwamba pa maondo. Funsani amayi a mumpingo nthawi ikadalipo, osati kukamva pakhomo la tchalitchi. Ngati mwakonda diresi yopanda manja, sokerani kajekete kakafupi kapena kansalu kofunda m'mapewa, kodzavula ku madyerero. Chachiwiri, ukwati uli mwezi wanji? Wa mu Okutobala ku Salima kapena ku Nsanje sungafanane ndi wa mu Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu. Chachitatu, kodi munthu angatambasule mwendo n'kukweza manja ali m'diresimo? Ngati sangathe, sitayiloyo ndi ya pa chithunzi basi.

Wa mbina, koma kumtunda wochepa

Ili ndi thupi la atsikana ambiri: mapewa ndi chifuwa zochepa, chiuno chooneka bwino, mbina ndi ntchafu zodzadza. Vuto lake pogula zosokeratu ndi lodziwika: diresi ikakwana kumunsi, kumtunda imakhala yokhwepa, ikakwana kumtunda, kumunsi siilowa. Ndiye ubwino wa telala umaonekera pamenepa.

Yomukhala bwino ndi imene matelala amati A-line, dzina limene adatchukitsa Christian Dior mu 1955: yogwira kumtunda mpaka m'chiuno, kenako n'kumatambasuka pang'onopang'ono ngati chilembo cha A. Nsalu imangodutsa pa mbina osakanirira. Zokongoletsa zonse, monga lesi, mikanda kapena manja otukumuka, zipite kumtunda kuti mapewa alingane ndi kumunsi. Khosi lotambalala, lochoka phewa ili kufika phewa linalo, limamuthandizanso. Pewani matumba a m'mbali ndi makwinya ambiri pa mbina penipeni.

Ngati mwini wake akufuna kuti mbinayo ioneke, palibe cholakwika. Msokereni yotsata thupi, koma iyambe kutambasuka pakati pa ntchafu, osati pansi pa maondo, ndipo nsalu yake ikhale yochindikala. Muuzeni telala ayang'anenso mpendero wakumbuyo: pa munthu wa mbina, diresi imakwera kumbuyo, choncho mbali imeneyo imafunika kutalikitsako kuti pansi pakhale pofanana.

Wa mapewa otambalala, koma kumunsi wochepa

Uyu ndi wosiyana ndi woyambayo. Mukamuveka manja otukumuka kapena khosi lotambalala, mapewa amaoneka ngati akula kawiri. Iye amafuna khosi lotsika ngati chilembo cha V, limene limatsitsa maso kuchoka m'mapewa, ndi manja osalala opanda zoikamo. Zingwe zoonda kwambiri zimachititsa mapewa kuoneka aakulu. Zotambalala ndiye zabwino. Kudzadza konse kupite kumunsi: siketi yotambasuka kwambiri, ya mapindo, kapena ya magawo osanjikizana. Kansalu kotambasuka kozungulira m'chiuno kaja, kamene amati peplum, kamamupatsa mbina imene alibe. Uyu ndiye angavale chitenje cha maluwa akuluakulu kumunsi, kumtunda n'kuika nsalu ya mtundu umodzi.

Wodzadza pamimba

Ena thupi lawo limasonkhana pakati: mimba ndi m'nthiti ndi modzadza, koma miyendo ndi manja n'zoumbika bwino. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kumumanga lamba wothina pamimba poganiza kuti achepa. Lamba amangodula mimba pawiri, ndipo akakhala pansi zimaipiratu. Cholakwika china ndi kumusokera chidiresi chotaya ngati thumba, chimene chimamukulitsa ponseponse.

Msoko wa m'chiuno ukwezedwe ufike pansi pa mawere, pamene thupi lake ndi lochepa, kenako nsalu igwe yokha mpaka pansi. Kasokedwe aka amakatcha empire, potengera mavalidwe a ku France m'nthawi ya Napoleon, koyambirira kwa zaka za m'ma 1800. Koma chenjerani: makwinya akachuluka kutsogolo, munthu amaoneka ngati woyembekezera. Telala awakankhire m'mbali ndi kumbuyo, kutsogolo kukhale kosalala. Yabwinonso ndi diresi yopitirizana kutsogolo ngati mmene timamangira chitenje, mbali ina kudutsa pamwamba pa inzake n'kukamangidwa pambali. Mzere wopingasawo umaphwanya kukula kwa mimba, komanso munthu amatha kumasulako akadya. Satini wonyezimira pamimba ayi, poti kuwala kumaulula chilichonse.

Wowongoka, wopanda chiuno chooneka

Pali ena amene chifuwa, chiuno ndi mbina zimangotsala pang'ono kufanana. Kawirikawiri amakhala oonda, ndipo anthu amati chilichonse chimawakhala, koma diresi yowongoka yopanda kalikonse imawaonetsa ngati mtengo wovekedwa nsalu. Ntchito apa ndi kupanga chiuno. Lamba wa nsalu yomweyo, makwinya pachifuwa, siketi yodzadza kapena peplum, zonsezi zimathandiza. Diresi ya phewa limodzi imawakhalanso bwino, chimodzimodzi ya zingwe zomanga kumbuyo kwa khosi. Amenewa ndiwo angasenze nsalu zolemera ndi zokongoletsa zambiri popanda kuoneka olemedwa.

Wa chiuno cha mavu

Chifuwa ndi mbina n'zolingana, chiuno n'cholowa. Thupi ili silifuna zambiri. Likungofuna kuti chiuno chisabisike. Diresi yopitirizana kutsogolo, A-line yogwira m'chiuno, kapena yotsata thupi, zonse zimamukhala. Ambiri amathamangira ya mermaid, yothina mpaka m'maondo n'kutambasuka pansi ngati mchira wa nsomba. Pa chithunzi ndi yokongoladi, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: munthu sangatambasule mwendo, kukwera galimoto kumavuta, kugwada ndiye osanena. Ngati mwaikondabe, kutambasuka kuyambire pamwamba pa maondo, kapena telala asiye pong'ambika kumbuyo. Ndipo musaikakamize pa gulu lonse, chifukwa mwa masitayilo onse iyi ndi imene imasankha matupi kwambiri.

Za pachifuwa

Wa mawere aakulu chimene amafuna choyamba ndi chogwiriziza. Diresi yopanda zingwe imamusandutsa kapolo, tsiku lonse dzanja lili pachifuwa. Mupatseni zingwe zotambalala zoti zibise za bra, ndi khosi la V losatsika kwambiri kapena la makona anayi. Khosi lotseka mpaka kummero limachititsa chifuwa kuoneka chachikulu koposa. Kumbuyo kusatsike kupitirira pamene pamadutsa bra. Telala wodziwa ntchito amasokerera timalupu m'kati mwa phewa togwira zingwe za bra kuti zisamasuzumire.

Wa mawere aang'ono ali ndi ufulu wambiri: khosi lokwera, makwinya, lesi wosanjikiza, ngakhale msana wotsika ngati mpingo ukulola. Chofunika n'chakuti kumtunda kusasiye mpata akawerama.

Wamfupi ndi wamtali

Wamfupi amamira mu nsalu yambiri. Siketi yake isatukumuke kwambiri, maluwa a nsalu akhale ang'onoang'ono, ndipo diresi ikhale ya mtundu umodzi kuchokera kumtunda mpaka pansi, chifukwa lamba wa mtundu wina amamudula pakati. Kukweza msoko wa m'chiuno pang'ono kumatalikitsa miyendo. Utali umene umamupweteka kwambiri ndi wolekeza pakati pa katumba. Bwino ifike m'maondo kapena pansi penipeni.

Wamtali vuto lake ndi nsalu kuperewera. Diresi imene imayenera kufika pansi ikalekera pamwamba pa akakolo, imaoneka yobwereka. Muwerengereni nsalu yoonjezera, ndipo msoko wa m'chiuno ukhale pa chiuno chake chenicheni, osati pa muyeso wa anzake. Iye maluwa akuluakulu, lamba wotambalala ndi magawo osanjikizana zimamukhala.

Kuti gulu lioneke limodzi, gwirizanani pamene madiresi onse alekere, kaya m'maondo kaya pansi, ndipo aliyense ayezedwe atavala nsapato zimene adzavale tsikulo. Ya pansi isiye mpata wa pafupifupi sentimita 1 kapena 2 kuchoka pansi, kuti isasese fumbi kapena kukodwa ku gogoda.

Woyembekezera ndi woyamwitsa

Pakati pa tsiku losankha operekeza ndi tsiku la ukwati pamadutsa miyezi, ndipo zambiri zimachitika. Wina akakunong'onezani kuti ndi woyembekezera, si chifukwa chomuchotsera pa mndandanda ngati iye akudzimva mphamvu. Ya empire ya nsalu yofewa ndiyo yake, kutsogolo yotalikirapo chifukwa mimba imakweza mpendero, ndipo isokedwe pomalizira penipeni. Woyamwitsa amafuna potsegula kutsogolo: yopitirizana, ya mabatani, kapena zipi yobisika pansi pa pindo la nsalu. Zipi ya kumbuyo yokha idzamuvutitsa mwana akayamba kulira. Nsalu ya maluwa kapena yoderako imabisa mkaka ukadontha kusiyana ndi satini wowala.

Nsalu nayo ili ndi khalidwe lake

Sitayilo yabwino pa nsalu yolakwika imaonongeka. Satini amawala bwino pa chithunzi, koma amaonetsa mzere uliwonse wa zovala zam'kati, ndipo thukuta limadinda m'khwapa. Ngati mwasankha satini, tengani wochindikala, wosanyezimira kwambiri, ndipo aikidwe nsalu ina m'kati. Shifoni ndi yopepuka, imagwa bwino ndipo imakhululukira matupi ambiri, koma imaonekera, choncho payokha siyenda. Lesi ndi wabwino kumtunda ndi m'manja. Nsalu yotamuka imamasula povina, koma ikakhala yopyapyala imakakamira paliponse.

Chitenje chili ndi ubwino wake: cha thonje chimapitisa mphepo, chimaima bwino pa A-line ndi peplum, ndipo diresi yake munthu amadzaivalanso ku tchalitchi kapena ku chinkhoswe. Koma sichigwa mofewa, ndiye pa sitayilo ya makwinya ambiri chimatukumuka. Chichapeni kaye musanapereke kwa telala, chifukwa thonje limafupika likalowa m'madzi koyamba. Pogula, pakani kansalu koyera konyowa pakona kuti muone ngati chimasuluka. Muuzenso telala asamale pamene duwa lalikulu ligwere; likakhala pa bere penipeni kapena pakati pa mbina, anthu adzangoyang'ana pomwepo.

Kumbukirani kuti chitenje chimodzi chimakhala mamita 2, ndipo m'lifupi n'chochepa poyerekeza ndi satini kapena shifoni, zimene zambiri zimakhala mita 1.5. Diresi yaitali yosatambasuka kwambiri imadya pafupifupi mamita 3 a nsalu yotambalalayo, yotambasuka imafika 4 kapena 5. Pa chitenje werengerani zitatu kwa munthu wamkulu thupi kapena wamtali. Telala wanu ndiye anene muyeso weniweni ataona anthuwo. Chachikulu, gulani nsalu yonse tsiku limodzi, pa mpukutu umodzi, ndi mamita 2 apadera. Kaya mukugula ku Limbe, ku Area 2 ku Lilongwe kapena ku msika wa Taifa ku Mzuzu, nsalu imene mwaiona lero mwina mwezi wamawa simudzaipeza, ndipo mipukutu iwiri ya mtundu umodzi imatha kusiyana pang'ono, kusiyana kumene kumaonekera anthu akaima pamodzi padzuwa.

Pa mtundu, musasankhire m'sitolo mkati. Tulukani nayo nsaluyo panja, muiyandikize kunkhope kwa woderapo kwambiri ndi kwa woyererapo kwambiri pa gulu lanu. Ikawakhala awiriwo, ena onse iwakhala.

Kwa telala

Telala akhale mmodzi, kapena shopu imodzi. Aliyense akapita kwa wake, mudzalandira madiresi asanu ndi limodzi osiyana mpendero, manja ndi kamalizidwe. Musanamupatse ntchito, onani zimene adasokapo pa nsalu ngati yanuyo, poti odziwa chitenje si onse amene amatha shifoni. Ndi nzeru kuyamba ndi diresi imodzi, ya munthu amene thupi lake ndi lovutirapo kusokera. Ikatuluka bwino, ena onse atsatire.

Aliyense ayezedwe ndi telala mwini, atavala bra imene adzavale pa ukwati. Miyeso yofunika ndi ya chifuwa, pansi pa mawere, chiuno, mbina pamene yakula kwambiri, mapewa, kuzungulira mkono, kuchoka paphewa kufika m'chiuno, ndi kuchoka m'chiuno kufika pansi. Amene ali kutali, monga ku Johannesburg, akayezetse kwa telala wa komweko n'kutumiza manambala pamodzi ndi chithunzi ataima chowongoka, ndipo afike masiku angapo ukwati usanachitike. Osalola zoti "ndichepa pofika tsikulo, mundisokere yaing'ono." Kuchepetsa diresi n'kosavuta, kukulitsa n'kovuta. Pemphani telala asiye nsalu ya masentimita 2 kapena 3 m'misoko ya m'mbali kuti pakhale pomasulira.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nsalu igulidwe kutatsala miyezi itatu, kuyeza koyamba kuchitike kutatsala milungu isanu ndi umodzi, komaliza kutatsala iwiri. Miyezi ya maukwati ambiri matelala amadzadzidwa ndi ntchito, magetsi nawo amatha kuthima, ndiye telala muuzeni tsiku la m'mbuyo, osati la ukwati lenilenilo. Poyeza, munthu asangoima pa galasi. Akhale pampando, awerame ngati akutola kanthu, akweze manja onse, avine sitepe yovuta kwambiri mwa amene akuphunzira. Mnzake amujambule kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo.

Kulankhulana ndi ndalama

Nkhani ya thupi ndi yofunika ulemu. Musanene pa gulu kuti, "Inu achemwali, ndi mimba yanuyo iyi siingakukhaleni." Sankhani masitayilo atatu kapena anayi ogwirizana, a nsalu imodzi ndi utali umodzi, n'kuuza aliyense asankhe yomwe akumasuka nayo. Amene akukayika, kambani naye pambali, telala ali pomwepo. Funso labwino ndi lakuti, "Ndi pati pamene mumakonda kuti paoneke, nanga ndi pati pamene mumafuna pabisike?" Munthu amalidziwa thupi lake kuposa wina aliyense. Wina ali ndi chipsera pamkono, wina sakonda kuonetsa miyendo, ndipo sanganene pokhapokha mutamufunsa.

Za ndalama zinenedwe poyera pa chiyambi: nsalu agula ndani, telala alipira ndani, nanga nsapato, tsitsi ndi zodzola. Nthawi zambiri operekeza amadzilipirira, ndipo matumba awo sakhala ofanana. Wina ali pa ntchito, wina ali pa sukulu. Ngati munthu akutulutsa ndalama zake, ndi chilungamo kuti apeze diresi yoti adzavalenso. Mukaona yabwino koma yautali wa pansi, funsani telala ngati ingadzadulidwe kufika m'maondo ukwati ukatha.

Tsiku lisanafike

Madiresi asitidwe dzulo lake, chakunsi, ndi moto wochepa, pamwamba pataikidwa kansalu ka thonje. Satini ndi shifoni zambiri za m'misika yathu ndi za poliyesita, zimasungunuka simbi ikatentha. Ya makala ndiye ichenjeredwe kwambiri, kakhala kamodzi kokha kamaboola. Mukasita, pachikani, osapinda. Wamkulu wa operekeza anyamule kachikwama kokhala ndi singano, ulusi wa mtundu wa nsaluyo, mapini, kalumo ndi kandulo kakang'ono kopaka pa zipi ikayamba kulimba. Aliyense atengenso nsapato zafulati zodzasinthira gule akafika pachimake, bola diresi isakhale yaitali mwakuti povula gogoda iyambe kukwakwa pansi.

Mukafuna kudziwa ngati mwasankha bwino, musadikire zithunzi. Yang'anani operekeza anu pamene akulowa mu holo, nyimbo itagunda, azimayi akuimba nthungululu. Manja awo akakhala m'mwamba, osati pachifuwa kapena pa mpendero, telala wagwira ntchito yake, nanunso mwagwira yanu.